Funsani Azakhali: Phungu womenya mkazi akhalebe pampando?

Azakhali,
Ine nkhani iyi yandisowetsa mtendere. Phungu wa dera lathu amamenya akazi ake, ndipo si mphekesera ayi chifukwa mng'ono wanga amagwira ntchito yam'nyumba pafupi ndi kwawoko ndiye amamva kukuwa usiku. Tsiku lina mayiwo anabwera kutchalitchi diso litatupa ati anagwa kubafa, tonse tinangoyang'anana basi. Chikundiwawa kwambiri nchoti bambo omwewa pa masiku 16 othana ndi nkhanza aja ndi amene anali mlendo wolemekezeka, akulankhula mokoma ife tikuwomba m'manja. Ine ndinawavotera, pakampeni ndinavina nawo. Kodi palibe lamulo lowachotsa kapena tingodikira 2030?
Mayi wodandaula, chigawo chapakati

Mayi,
Munthu womenya mkazi wake sayenera kukhala pampando umene anthu anamupatsa ndi voti, kaya ndi phungu kaya khansala, amenewo ndi maganizo anga ndipo sindikuwabisa. Koma mwafunsa za lamulo ndiye ndikuuzeni mmene zilili, ngakhale sizikusangalatsani.

Malamulo aakulu a dziko lino atangolembedwa mu 1994 munali sekishoni 64 imene imapatsa anthu ovota mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu anaichotsa mu 1995, eya, iwo eni amene imawakhudza, ndipo ngakhale mabungwe ndi amipingo akhala akulira kuti ibwerere mpaka pano sinabwerere. Ndiye inu ndi anzanu ngakhale mutasonkhanitsa masiginecha dera lonse simungawachotse nokha, njira imeneyo inatsekedwa.

Njira yotsala ndi yakukhothi. Sekishoni 51 imati munthu amene khothi lamupeza wolakwa pa mlandu wachinyengo kapena wa khalidwe lonyansa m'zaka 7 zapitazo sangaimire uphungu, ndiye sekishoni 63 imawonjezera kuti ngati zotere zachitika ali kale m'nyumba ya malamulo mpando wake umakhala wopanda munthu. Kuti mlandu wakutiwakuti ukugwera m'gulu limeneli amanena ndi akhothi. Koma onani apa, zonsezi zimayamba pokhapokha mlandu wafika kupolisi, wapita kukhothi nkugamulidwa, ndipo apa ndi pamene nkhani za anthu akuluakulu zimafera chifukwa m'mawa mayi akadandaula madzulo kwabwera ankhoswe, kwabwera abusa, kwabwera achipani ndi galimoto, mawa lake mayi uja ali kupolisi kukapempha kuti mlandu uthe tikakambirana kunyumba.

Musanamizidwe kuti phungu samangidwa. Chitetezo chimene ali nacho n'cha pamene ali kunyumba ya malamulo kapena ali paulendo wopita ndi kuchokera kumeneko basi. Kunyumba kwake usiku ndi mwamuna ngati wina aliyense ndipo lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006 likumukhudza mofanana ndi wakabaza. Lamulo limeneli analilimbikira ndi mayi Joyce Banda ali nduna yoona za amayi ndi ana, ndipo iwo anena poyera kambirimbiri kuti banja lawo loyamba linali lankhanza mpaka anachokako ndi ana atatu. Pansi pa lamuloli khothi litha kupereka chikalata choletsa mwamuna kumenya kapena kuopseza mkazi, lithanso kulamula kuti mkazi ndi ana akhale m'nyumba wankhanzayo atuluke.

Tsono mayi, musanaganize za mpando ganizani za mnzanu wa diso lotupa uja. Chonde musaike nkhani yake pa Facebook iye asakudziwa, amene akamenyedwe usiku umenewo ndi iyeyo osati inu. Mupezeni pambali ngati mayi mnzake wa kumvano, osamufunsa ngati wapolisi, mungomuuza kuti mukuona ndipo khomo lanu ndi lotsegula nthawi ina iliyonse. Mumuuze za ofesi ya Victim Support imene ili kupolisi, za nambala yaulere ya 5600, komanso kuti akavulazidwa azipita kuchipatala ndi kusunga mapepala ake ngakhale sanaganize zokasuma, tsiku limene adzalimbe mtima mapepala amenewo adzamuyankhulira. Akhoza kukukanirani ulendo woyamba ndi wachiwiri, musakwiye naye, mkazi wa phungu amaopa zambiri: fizi ya ana, nyumba, abale ake amene akudya pomwepo, ndi anyamata achipani.

Ndipo inu amene munavina pakampeni muli ndi mawu kuchipani kuposa mmene mukuganizira. Amayi ndi amene mumadzaza misonkhano. Mukagwirizana nkuuza akomiti ya dera kuti ife bambo awa sitiwavinira ndipo pa mapulaimale sitiima kumbuyo kwawo, zimenezo amamva msanga kusiyana ndi kalata ya bungwe lililonse.

Azakhali,
Pa WhatsApp pathu takhala tikukangana za andale omenya akazi ndiye ndati ndimve kwa inu. Ine sindikuvomereza kumenya ayi, koma za m'banja ndi za m'banja. Ife tinasankha munthu woti atibweretsere chitukuko, ngati mijigo akukumba, mlatho wamanga, pamaliro akutithandiza, za kuchipinda kwake zikutikhudza bwanji? Komanso ndale ndi zauve, adani ake atha kungomupekera nkhani kuti amugwetse.
Bambo wa ana anayi, Lilongwe

Bambo,
Zikomo kuti mwalemba mosabisa chifukwa ambiri amaganiza ngati inu koma sanena. Ndiyambe ndi pamene mukunena zoona: kupekerana kulipo, makamaka chisankho chikayandikira, ndipo ine sindikufuna munthu achotsedwe chifukwa cha voisi noti yosadziwika kochokera. Nchifukwa chake ndikuti nkhani izifufuzidwa, apolisi agwire ntchito yawo osaopa kuti uyu ndi olemekezeka, ndipo pamene akufufuza chipani chimuimitse kaye pa maudindo ake, ngati ndi nduna apumire kaye kunyumba. Akapezeka wosalakwa abwerere. Mphunzitsi kapena kalaliki wa boma akakhala ndi mlandu amaimitsidwa kaye ntchito, nanga phungu ndi ndani?

Koma zoti za m'banja ndi za m'banja, apo ndiye ayi bambo. Kukangana za ndiwo kapena za ndalama ya feteleza ndi za m'banja, zimenezo ankhoswe athana nazo. Kuthyola munthu nthiti ndi mlandu, ndipo sukhala wochepa chifukwa choti wothyoledwayo unamulowola kapena unakamanga naye ukwati kutchalitchi. Phungu yemweyo atamenya mwana wanu wamkazi pamsika simunganene kuti tiyeni tione mijigo kaye. Mkazi wakeyonso ndi mwana wa munthu, ndi nzika ya dera lomwelo, mwinanso voti yake inapita kwa mwamuna yemweyo.

Za chitukuko zija, ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu, si za m'thumba mwa phungu, ndi misonkho yanu yomwe mumadula pa sopo ndi pa mayunitsi, wina akadzakhala pampandopo zidzabwerabe. Ntchito yeniyeni ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kuvomereza bajeti, kuphatikizapo ndalama zopita kupolisi, kumakhothi ndi ku unduna woona za amayi. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse amene anakwatiwapo, 42 anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa zogonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Ndiye mukufuna munthu amene iye mwini ali m'gulu la ozunzawo akakhale m'komiti yokambirana zokhwimitsa chilango? Mayi wa m'mudzi mwanu amene wamenyedwa angapite bwanji kwa phungu wotere kukapempha thandizo? Ndipo anyamata amene amathamangira galimoto yake akuphunzira chiyani akamaona kuti bwana amamenya ndipo palibe chimachitika?

Amene muli ndi abale ku Joni mukukumbukira za Mduduzi Manana, yemwe anali wachiwiri kwa nduna ya maphunziro apamwamba ku South Africa, amene mu 2017 anamenya amayi pamalo achisangalalo ku Johannesburg. Sanali akazi ake koma nkhani yake ikutiphunzitsa kanthu. Anavomera mlandu kukhothi, anamulipitsa faindi ya R100,000, unduna anatula pansi, koma uphungu anakhala nawobe mpaka 2018 chifukwa lamulo la kumeneko silichotsa munthu amene wangolipira faindi. Chinamuchotsa ndi phokoso la anthu amene sanatope, makamaka amayi. Kuno kwathu chimene ine ndikupempha ndi choti sekishoni 64 ibwerere, ndipo lamulo linene mosapsatira kuti wopezeka wolakwa pa nkhanza za m'banja sangakhale phungu kapena khansala, tisamachite kudikira maloya akokane kuti khalidwe lonyansa ndi liti.

Kagawireni anzanu a pa WhatsApp aja yankho limeneli, ndipo muwafunse amayi amene ali pagulupo kuti iwo akuti bwanji, chifukwa m'kalata yanu simunanene ngati analankhulapo.