Pitani mukadye karaage, achemwali

Kalata yomwe yandipeza sabata ino yandisiyitsa zonse zomwe ndimati ndilembe. Achemwali ena apita kumene ku Japan kukachita maphunziro, ndipo anzawo a m'kalasi awaitanira ku kalesitilanti ka nkhuku yokazinga ndi masangweji. Iwo akufuna njira yokanira mwaulemu, chifukwa anamva kuti Ajapani amadya nkhuku yaiwisi, komanso iwo nkhumba sadya. Kalatayo yathera pa funso lakuti, "Ndinene kuti ndikudwala?"

Ayi achemwali, simukudwala.

Ine ndinakhalako ku Beppu, m'chigawo cha Oita, tauni ya akasupe a madzi otentha komwe nthunzi imafuka ngakhale m'ngalande za m'mbali mwa msewu. Miyezi yoyambirira chakudya changa chinali nsima ya ufa womwe ndinanyamula m'sutikesi, kabichi ndi mazira. Ufa utatha ndinagwera pa mpunga, kabichi ndi mazira omwewo. Pafupi ndi pokwerera basi panali kashopu kena, fungo la adyo ndi jinja likufika mpaka pamsewu, koma ine ndikafika pamenepo ndinkakokera phazi ngati ndili napo ngongole.

Anandigonjetsa ndi mayi wina wachikulire yemwe ankatiphunzitsa Chijapani mongodzipereka. Sanandifunse maganizo anga. Tsiku lina titaweruka anangoti tiyeni, ndipo munthu wamkulu akatero suyamba naye makani. Mkatimo munali mothina, timipando towerengeka, bambo mmodzi ataima pa mafuta ndi chipande cha sefa m'manja. Ndinamuyang'anitsitsa. Nthuli zake ndi za ntchafu, fupa atachotsa koma chikopa chilipo. Amayamba wazinyika mu sosi ya soya, adyo, jinja ndi kamowa ka mpunga kotchedwa sake, kenako n'kuzigubuduza mu ufa wosalala wa mbatata ya kachewere. Amakazinga kawiri. Koyamba pa moto wapakati kuti zipse mkati, n'kuvuula kuti zipume pang'ono, kachiwiri pa mafuta otentha kwambiri kuti kunja kuume. Ukaluma kunja kumalira m'mano, mkati msuzi n'kukuwotcha lilime. Imeneyo ndiyo karaage. Pamtundapo panali mbale ya mpunga, supu ya miso (yopangidwa kuchokera ku soya) ndi mulu wa kabichi wodula mopyapyala. Kabichi yemwe uja ananditsatira mpaka kumeneko.

Munthu wokulira pa nkhuku yachikuda amakhulupirira kuti nkhuku yopanda fupa ndi ya ana, ndipo pamenepo ndimamumvetsa. Koma mukadzapeza mpata kwerani sitima mupite ku Nakatsu, kumpoto kwa Oita komweko, tauni yotchuka m'dziko lonse chifukwa cha mashopu a karaage. Kumeneko amagulitsa pa sikelo, ya fupa ilipo, ndipo nthutumba nazo amakazinga padera. Nthutumba zenizeni, zomwe kwathu zimasungidwira bambo kapena mlendo, kumeneko mwana wasukulu amangogula m'kajumbo n'kumapita. Anthu akumeneko amakonda kunyadira kuti ngakhale KFC inayamba yatsekapo m'tauni mwawo. China chomwe chinandisangalatsa n'chakuti m'magolosale a ku Japan ntchafu imadula kuposa chidale. Anthuwa nkhuku amaidziwa.

Tsono pali Amalawi anzathu ena, ndakumana nawo, omwe amakhala dziko la eni zaka ndithu n'kumanena modzitama kuti "ine za anthuwa sindidya." Amanena ngati ndi umboni wokonda kwawo. Ine zimenezo sindizivomereza ngakhale pang'ono. Ndi mantha basi, ndipo mantha akewo amakulanda anzako. Ku Japan anthu saitanirana kunyumba chisawawa ngati kwathu. Nyumba ndi zazing'ono ndipo ambiri amachita nazo manyazi. Kucheza kumachitikira m'malo odyera. Wina akakuitanira ku kashopu ka nkhuku, wakutsegulira khomo lomwe ali nalo. Mukakana lero, mukanenso mwezi wamawa, kachitatu sadzakuvutitsaninso, ndipo sadzakwiya, adzangokulemekezani patali mpaka tsiku lomaliza maphunziro. Ife tomwe, mlendo akakana nsima yathu timamuona bwanji?

Komanso eni akewo zakudya zimenezi anachita kuphunzira. M'chaka cha 675 Mfumu Tenmu inaletsa kudya nyama zingapo, nkhuku ili pomwepo, ndipo kwa zaka mazanamazana nyama sinali ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Zinayamba kusintha Mfumu Meiji itadya nyama ya ng'ombe mu 1872. Karaage inadzafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, nkhuku zoweta zitachuluka. Buledi, mayonezi, nyama yokazinga ndi nyenyeswa za buledi, zonsezo n'zobwera. Mayonezi awo otchuka a Kewpie anayamba kugulitsidwa mu 1925, ndipo amapangira chikasu cha dzira chokha, n'chifukwa chake ndi onona chonchija. Ngakhale KFC, yomwe inalowa m'dzikolo mu 1970, inayambitsa malonda a Khirisimasi mu 1974, moti mpaka lero mabanja amachita kulembetseratu nkhuku ya pa 24 Disembala, m'dziko lomwe Akhristu ndi ochepa zedi. Nkhuku pa Khirisimasi. Apa pokha palibe chomwe angatiphunzitse.

Za masangweji

Amawatcha sando, ndipo buledi wake, shokupan, ndi wofewa kwambiri. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti amadula makoko onse a m'mbali. Ine makoko ndi omwe ndimayembekezera ndi tiyi. Sando ya mazira ndi mayonezi ndi yabwino kuposa momwe imamvekera, ndipo imapezeka ngakhale m'timagolosale ta 7-Eleven, Lawson kapena FamilyMart pakati pa usiku. Ilipo ina ya zipatso ndi kirimu, sitiroberi ali pakati pa buledi. Imeneyo ndinaisiyira eni ake, ndipo musandilembere kalata yonditembenuza. Yotchuka kwambiri ndi katsu sando, ya nyama yokazinga ndi nyenyeswa za buledi, yomwe akuti inayambira pa lesitilanti ya Isen ku Ueno, mu Tokyo, m'chaka cha 1935. Achemwali, apa ndi pamene muyenera kutsegula maso, pakuti katsu sando yongotchulidwa choncho nthawi zambiri imakhala ya nkhumba.

Ndisanaiwale nkhani ya ndimu. Karaage imabwera ndi kachidutswa ka ndimu pambali. Ngati mbale ndi ya gulu, musafinyire ndimuyo pa nthuli zonse musanafunse. Ajapani eni ake amakangana pa nkhani imeneyi kwambiri, ena amati imafewetsa kunja kouma kuja. Tengani nthuli yanu, finyirani pa mbale yanu.

Nkhuku yaiwisi ilipodi, amaitcha torisashi, ndipo imadyedwa makamaka ku Kagoshima ndi ku Miyazaki. Ndi chakudya chapadera chochita kuitanitsa, sichingakugwereni m'mbale mwangozi. Wina akakupatsani mukane, chifukwa kachilombo ka Campylobacter kamatsegula m'mimba koopsa. Karaage ndi yakupsa mpaka mkati.

Ndiye tsikulo likafika pitani. Auzeni anzanuwo musananyamuke kuti nkhumba simudya, akuwerengerani okha zolembedwa pakhoma. Nkhuku ndi tori, nkhumba ndi buta. Itanitsani karaage teishoku, ndiye kuti nkhuku, mpunga ndi supu pamodzi, kapena chikin katsu sando ngati mukufuna buledi. Ngati chipembedzo chanu chimaletsa ngakhale mafuta omwe akazingiramo nkhumba, kapena kamowa kaja konyikiramo, funsani musanaitanitse, ndipo sando ya mazira ikhoza kukupulumutsani. Polowera pakakhala makina, mumayamba mwagula tikiti ya chakudya n'kupereka kwa wophika. Nyamulani ndalama zamanja chifukwa timashopu tina makhadi satenga, ndipo musasiye ndalama yothokozera patebulo, akuthamangirani nayo mpaka pamsewu.