Zipande zanu zikung'aluka chifukwa cha mtima wa mtengo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene amakhala ku Chawama kuno ku Lusaka. Akuti Loweruka lililonse amapita kumunda wa makolo ake ku Chongwe, ndipo khasu likamutopetsa amakhala pamthunzi n'kumasema. Wasema kale zipande zitatu ndi mthiko umodzi. Mthikowo ukugwira ntchito, koma zipande zonse zinang'aluka sabata isanathe. Ndiye akufunsa ngati vuto ndi mtengo kapena mpeni, komanso ngati ayenera kugula zida zokwera mtengo zija amaziona pa YouTube.

Achimwene, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Ndayang'anitsitsa zithunzi zimene munatumiza, ndipo pa zipande zonse zitatu mng'alu wayambira malo amodzi: pakati penipeni pa nthambi, pamene pali kamtima kofewa kaja. Munatenga nthambi yamphumphu n'kuisema mmene inalili. Vuto lagona pamenepo.

Mtengo wauwisi umakhala ndi madzi ambiri, ndipo ukamauma umafota. Koma sufota mofanana mbali zonse. Mukaona pamene mwadula pali mizere yozungulira ija. Mtengo umafota kwambiri motsatira mizereyo, pafupifupi kawiri kuposa mmene umafotera kuchokera pakati kupita kukhungwa. Kunja kukakhala kukukoka pomwe pakati sipakusuntha, mtengo ulibe kochitira, umangotseguka. N'chifukwa chake chipika chilichonse chimene chakhalitsa pabwalo chimakhala ndi ming'alu yochokera pamtima. Mthiko wanu unapulumuka chifukwa ndi woonda, ndipo ndikuganiza kuti pousema munadutsa pambali pa mtimawo osadziwa.

Choncho mukapeza nthambi, yambani ndi kuiwaza pakati. Ikani nkhwangwa kapena chikwanje pamtima penipeni, menyani pamsana pake ndi chibonga mpaka igawike pawiri, kenaka semani mtimawo muuchotse wonse. Chipande chimachokera m'theka limodzi. Izi zikutanthauza kuti mufunika nthambi yonenepa kuposa imene mumatenga, yoti ikagawika theka lake likwane chikhatho chanu.

Agogo anga aamuna ku Katete ankasema mipini, mithiko ndi zipande, ndipo zida zawo zinali nkhwangwa, kasemasema ndi mpeni wotha mbali imodzi chifukwa chonolanola. Sindinawaonepo akuyanika chosema padzuwa. Ankachisomeka kudenga la khitchini, pansi pa udzu, n'kuchiiwala masiku angapo. Ife a m'tauni timafuna chiume lero lomwe, ndiye timachiika pamwamba pa malata. Kuno ku Lusaka, ndi kamphepo kouma ka mu Ogasiti kaja kapena dzuwa la mu Okutobala, chipande chotere chimang'aluka mukuona. Mukabwerako ku Chongwe chiikeni m'katoni pamodzi ndi tizibenthu take tomwe, pamalo pamene sipafika dzuwa, chikhale sabata imodzi kapena ziwiri. Nthawi ya mvula muzitsegula katoniyo tsiku lililonse kuti chisachite nkhungu. Ngati simunamalize kusema tsiku lomwelo, chikulungeni m'pulasitiki kuti chisaume, koma kwa masiku ochepa okha. China n'chakuti makulidwe akhale ofanana. Chipande chimene chili chochindikala pansi koma chopyapyala m'milomo chimauma mosiyana, ndipo chimang'aluka ngakhale mtima mutauchotsa.

Tsopano za mtengo, ndipo apa ndilankhula mwamphamvu pang'ono chifukwa chinthuchi chikalowa mumphika wa banja lanu. Musayerekeze kusema chodyera kuchokera ku nkhadze, mwavi, kapena duwa la oleander limene anthu amabzala m'mipanda kuno m'tauni. Yonseyi ili ndi poizoni, ndipo utomoni wa nkhadze ukagwera m'diso ndi nkhani ya kuchipatala. Mtengo uliwonse wotuluka utomoni woyera ngati mkaka umene simukuudziwa bwino, usiyeni. Pewaninso matabwa othiridwa mankhwala a chiswe, mapolo akale a magetsi ndi thabwa lililonse lopentedwa.

Ine ndimakonda gwafa. Ndi wolimba, sapereka fungo mu nsima, ndipo mukamupala bwino amasalala ngati fupa. Mango ndi wofewerapo, wabwino pophunzirira, ngakhale utomoni wake umayabwa anthu ena pakhungu. Jakaranda ndi malayina amasemeka mosavuta. Bulugamu musiyeni, amang'aluka kwambiri pouma. Mlombwa, umene kuno ambiri amati mukwa, ndi wokongola ndipo sufota kwambiri, n'chifukwa chake osema ndi akalipentala amaukonda. Muwanga ndiye wa mipini ndi minsi, koma ukauma umabunthitsa mpeni msanga. Mitengo iwiriyi imatenga zaka zambiri kuti ikule, ndipo sindingakulimbikitseni kugwetsa umodzi chifukwa cha chipande. Aliyense amene amayenda mu Great East Road amaona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu, ndipo amadziwa kumene mitengo ya ku Chongwe ndi Rufunsa ikupita. Tinaonanso mmene mtengo wa mukula unasakazidwira, mpaka mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko, wa mitengo imene malonda ake a kunja amayang'aniridwa. Lamulo la nkhalango la 2015 lilipo, ndipo kudula m'nkhalango ya boma popanda chilolezo ndi mlandu. Koma simufunika zonsezo. Anthu amasadza mango ndi magwafa chaka chilichonse, mvula yoyamba imagwetsa nthambi, ndipo nthambi imodzi ya gwafa yonenepa bwino komanso yaitali ikupatsani zipande zinayi.

Zida zimene muli nazo n'zokwanira. Nkhwangwa yaing'ono yochepetsera, mpeni wosapinda wa chitsulo chachifupi, ndi mwala wonolera. Mpeni wopinda ungakutsekereni zala. Chachikulu n'chakuti ukhale wakuthwa moti n'kumeta ubweya wa pamkono, chifukwa mpeni wobuntha ndi umene umavulaza: mumaukankha mwamphamvu, n'kupulumuka. Ndili ndi chipsera pachala chamanthu chakumanzere chimene chimandikumbutsa zimenezi. Mukakhala pansi musasemere pantchafu, mkati mwake mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi, ndipo kumunda chipatala chili kutali. Tsamirani zigongono pamaondo kuti mpeni uzithera kutsogolo kwa miyendo, kapena semerani pachitsa. Mpeni ukayamba kukumba n'kumanyotsola, ndiye kuti mukulimbana ndi mitsempha ya mtengo. Tembenuzani, musemere mbali inayo, kuchokera pokwera kupita potsika.

Pokumba mkati mwa chipande m'pamene anthu ambiri amaganiza zogula mpeni wokhota uja. Ndi wabwino, sindikukana, ndipo wosula zitsulo aliyense angakupangireni mukamuonetsa chithunzi. Koma kumunda muli ndi moto. Tengani khala limodzi lofiira, liikeni pamene mukufuna dzenje, lipanikizeni ndi kamtengo, muziuzira pang'onopang'ono ndi bango. Pakada chotsani khalalo, palani mwayewo ndi nsonga ya mpeni, mubwerezenso. Musalole kuti lawi liyake, ndipo m'milomo muzinyowetsa ndi madzi. Njirayi imayenda bwino mtengo ukayamba kuuma. Pa wauwisi kwambiri kutentha kumang'alula. Chipande cha nsima sichifuna dzenje lakuya ngati chikho, chimangofuna kukhota kokwanira kuumba mtanda.

Chikauma, chipaleni ndi mpeni wakuthwa komaliza. Vanishi ayi, pakuti adzasungunukira m'chakudya. Mafuta ophikira nawonso amayamba kununkha akakhalitsa m'mtengo. Chitsukeni ndi madzi otentha, chiume, muchipereke kukhitchini. Chongofunika n'kuwauza a kunyumba kuti asamachigoneke m'madzi usiku wonse.

Tsiku lina mukapeza mpata pitani ku Kabwata Cultural Village mu Burma Road, mukakhale pafupi ndi madala amene amasema kumeneko. Mukawalonjere bwino, mugule kanthu kakang'ono, kenaka mupemphe kuonerera. Muyang'ane mmene amagwirira kasemasema, ndi kangati amaima kuti anole. Loweruka likubwerali wazani nthambi ya gwafa pakati, ndipo chipande chikauma munditumizire chithunzi chikuomola nsima.