Golosale yakale pa Mponela: tigumule, tikonze kapena tigulitse?

Mayi wina amene akukhala ku Johannesburg watilembera imelo. Akuti: "Bambo athu anatisiyira golosale yakale pa Mponela, m'mbali mwa msewu wa M1. Denga likudontha, koma kumbuyo kuli malo aakulu. Abale ena akuti tigulitse, ena akuti tigumule n'kumanga nyumba yosanja. Ndasungako kangachepe. Nditani?"

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo. Yankho lathu ndi ili: musathamangire kugulitsa, ndipo musagule ngakhale thumba limodzi la simenti musanaone zinthu ziwiri, mapepala a malowo ndi malire a msewu.

Tiyambe ndi msewu, chifukwa ndi umene waliza anthu ambiri. M1 ndi msewu waukulu, ndipo malo amene lamulo linaupatulira ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa tala. Magolosale ambiri akale anamangidwa pafupi kwambiri ndi msewu, pomwe panalibe wolondalonda. Tumani m'bale wanu ndi tepi akayeze kuchokera pa mzere wapakati kufika pa khonde. Khondelo likagwera m'kati mwa mamita 30, dziwani kuti a Roads Authority, bungwe loyang'anira misewu, akhoza kudzalilemba chizindikiro choti ligumulidwe tsiku lina lililonse, ndipo chimene mwamanga chatsopano m'malo a msewu musayembekezere chipukuta misozi. Zikatero, khoma lakutsogolo libwerere m'mbuyo. Musadandaule nazo, malo otsala kutsogolowo ndi pomwe pazidzaima magalimoto ndi akabaza, ndipo shopu yokhala ndi poimika galimoto imapeza wochita lendi msanga.

Za mapepala, funso loyamba ndi lakuti malowo ali m'dzina la ndani. Ngati bambo anali ndi lizi, pepala lobwerekera malo ku boma kwa zaka zoikika, fufuzani kuofesi ya zamalo ku Lilongwe kuti muone zaka zimene zatsala, ngongole ya lendi ya malo, komanso ngati pepalalo silinaperekedwe chikole kubanki. Ngati chimene chilipo ndi kalata ya amfumu yokha, malowo ndi a makolo, ndipo banki siingakupatseni ngongole pa kalata imeneyo. Malamulo a zamalo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anatsegula njira yolembetsera malo otere, ndiye yambirani ku khonsolo ya Dowa. Palinso nkhani ya chuma chamasiye. Malinga ndi lamulo la 2011, ngati bambo sanasiye wilo, pafunika munthu wopatsidwa mphamvu mwalamulo yoyendetsa chumacho. Inuyo mukathira ndalama zanu za ku Joni pa nyumba imene ndi ya ana onse popanda pangano lolemba, mawa azichimwene adzati lendi tigawane mofanana, ndipo lamulo likhoza kukhala kumbali yawo. Khalani pansi, mulembe kuti ndalama zimene mwaikamo zidzabwezedwa bwanji, aliyense asaine.

Tsopano za msika. Mponela ikukula chifukwa ili pa M1, pafupi ndi Lilongwe, pakati pa alimi a fodya, soya, mtedza ndi chimanga, komanso mabungwe amakonda kudzachitira misonkhano m'malo ogona alendo a pamenepo. Koma taonani amene akufunafuna malo: ogulitsa feteleza ndi mbewu, a hadiweya, ogulitsa mankhwala, ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba, a saluni, ndi ogula mbewu amene amafuna posungira matumba kuyambira Epulo mpaka cha m'ma Seputembala. Onsewa amafuna pansi, khomo loyang'ana kumsewu. Palibe mlimi amene adzakwere masitepe kuti akatsike ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50 pamutu. Zipinda zam'mwamba zimadikira maofesi, ndipo maofesi pa Mponela ndi owerengeka. N'chifukwa chake maganizo a nyumba yosanja sitikugwirizana nawo pakali pano. Komanso maziko a golosale yakale, imene mwina njerwa zake anamangira matope, sangasenze silabu ya konkire. Mungafunike kugumula zonse, kulemba injiniya, ndi kugula zitsulo zambiri pa mtengo wa lero.

Chimene chimabweza ndalama ndi kugawa. Golosale zakale zinali chipinda chimodzi chachikulu chokhala ndi kauntala yaitali. Lero munthu mmodzi wolipira nyumba yonseyo ndi wosowa, koma anthu atatu olipira shopu ya mamita 4 m'lifupi ndi 6 m'litali amapezeka, ndipo mmodzi akatuluka awiri akulipirabe. Khoma logawira la mamita 6 m'litali ndi 3 kupita m'mwamba limadya mabuloko a simenti pafupifupi 225, mugule 240 chifukwa ena amasweka. Likwere mpaka kumalata, osathera pa siling'i, chifukwa akuba amalowa shopu imodzi n'kudutsira m'mwamba kupita ina. Ndipo dziwani kuti malamulo a 2018 amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za malonda.

Musanagawe, mmisiri ayang'ane makoma. Mng'alu wopingasa ngati masitepe pa kona, wolowa chala, ukutanthauza kuti maziko atitimira, ndipo kumata pulasitala sikuthandiza. Mng'alu waung'ono ngati tsitsi ndi wa pulasitala chabe. Pansi pa khoma pakamatuluka zoyera ngati mchere ndipo penti akumatuka, ndi chinyezi chokwera kuchokera m'nthaka. Pamenepo pafunika ngalande yochotsa madzi a mvula ndi kakhonde ka simenti kuzungulira nyumba. Akwerenso kudenga ndi sukuludiraiva abaye mitengo. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu looneka bwino, ndipo kukhoma malata atsopano pa mitengo yotere ndi kutaya ndalama. Malata akhale a geji 28, osati opyapyala aja amene amachita dzimbiri msanga.

Shopu iliyonse ikhale ndi mita yakeyake ya ESCOM yogulira mayuniti. Mita imodzi ya anthu atatu imabala ndewu mwezi ndi mwezi, makamaka wina akakhala ndi mafiriji kapena makina owotcherera zitsulo. Kumbuyo mumange chimbudzi ndi mpopi wa Central Region Water Board, ndipo musatseke njira yolowera lole. Malo akumbuyowo ndiwo chuma chenicheni cha pulotiyo: shedi ya pansi pa simenti, yokwezeka kuti madzi asalowe, yokhala ndi mazenera a mpweya m'mwamba ndi chitseko chachitsulo, ogula mbewu amailimbirana nthawi yokolola. Mapulani onsewa apite kukhonsolo akavomerezedwe ntchito isanayambe.

Powerengera phindu, chaka muchitenge ngati cha miyezi 10, chifukwa shopu zimakhala zopanda anthu nthawi zina, ndipo Januwale ndi Febuluwale malonda amazizira. Chotsani zokonzetsera, mlonda, zolipira kukhonsolo ndi msonkho wa MRA. Wochita lendi akakhala kampani, amadula msonkho pa lendiyo asanakupatseni, choncho muzimufunsa chiphaso chake. Zotsalazo muone kuti zingabweze ndalama zomangira pa zaka zingati. Pangano la lendi likhale lolemba, la chaka chimodzi, lolipiriratu miyezi itatu, ndipo linene kuti lendi idzaunikidwanso chaka chilichonse. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasainira lendi yosasintha ya zaka zingapo anapezeka kuti ndalamayo siikugulanso simenti yokonzera nyumba yomweyo.

Poti muli kutali, musatumize ndalama zonse kamodzi. Gawani ntchito m'magawo: denga, makoma ogawira, zitseko ndi magetsi, kenako shedi. Zipangizo muzilipira mwachindunji ku hadiweya, mmisiri alandire ya gawo limene latha, ndipo wosunga makiyi a sitolo ya simenti asakhale mmisiriyo. Denga lithe mvula ya Novembala isanagwe.