Kodi mwana wanga adzatengera abambo ake?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndakhala pabanja zaka 16. Amuna anga ndi kalipentala. Akakhala kuti sanamwe ndi munthu wofatsa, waluso pa ntchito yake. Koma akangolandira ndalama amathera ku kachasu, n'kubwera usiku akutukwana kuchokera kumsewu. Ine ndinazolowera. Chikundisowetsa tulo ndi mwana wathu woyamba, mnyamata wa zaka 14 yemwe ali Folomu 1.

Abambo ake akaledzera amalimbana ndi iyeyo. Amati akudzimva poti anasankhidwa kupita kusekondale pomwe iwo analekezera Sitandade 5. Mwezi watha anamung'ambira makope n'kuwaponya pambaula, anamulandanso ndalama zomwe anapeza pa ganyu yotuta njerwa. Masiku ano akangomva mawu awo amatulukira pawindo n'kukagona m'khitchini mwa aneba. Wayamba bodza kwambiri. Sabata yatha anamuwomba mbama mlongo wake pa nkhani ya supuni chabe, ndipo mawu amene anatukwana ndi omwe aja a abambo ake. Kenako anakabisala kuseri kwa bafa n'kumalira. Madzulo anamubweretsera mlongo wakeyo mandasi.

Kwa ankhoswe tapitako kanayi. Abambowo amagwada, kulira, kulumbira kuti asiya, koma sipatha masabata awiri. Apongozi akuti mowa uli m'magazi, mwanayunso adzatero basi. Kodi n'zoona? Nditani ine?

Mayi wosweka mtima, Dedza

Mayi,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo pomwe mtima wanga waima ndi kuseri kwa bafa kuja. Ndibwererako. Ndiloleni ndiyambe ndi mnyamata wina amene ndinamudziwira m'buku pa nthawi yomwe ndinkaphunzitsa Chingerezi kusekondale, chifukwa nkhani yake ikuchita ngati inalembedwa pakhomo panu.

Bukulo ndi Adventures of Huckleberry Finn, lolembedwa ndi Mark Twain wa ku America, ndipo linatuluka mu 1884. Nkhaniyo imachitikira m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, ukapolo usanathe. Huck ndi wa msinkhu wa mwana wanu, mayi ake anamwalira, ndipo bambo ake, omwe amangowatchula kuti Pap, ndi chidakwa chodziwika tauni yonse. Mayi wina wamasiye anamutenga Huck n'kumulowetsa sukulu. Bamboyo atamva, anakwera pawindo usiku n'kumudikirira m'chipinda. Anamuuza kuti awerenge, ndipo mwanayo atangowerenga pang'ono anamuphumitsa bukulo. Anang'amba kachithunzi komwe anapatsidwa chifukwa chokhoza bwino, namulanda dola yomwe inali m'thumba mwake, kukagulira mowa. Mlandu wa Huck unali umodzi: kudziwa kuwerenga pomwe bambo ake sankadziwa. Makope anu a pambaula aja ndi omwewa. Munthu wodzikayikira akamwa, chimene chimamuwawa kwambiri ndi kuona mwana akumupitirira.

Anthu ofuna kwabwino anapita kukhoti kuti mwanayo achoke m'manja mwa bambo ake. Woweruza wake anali mlendo m'deralo, ndipo anati si bwino kulekanitsa mwana ndi kholo lake. Anamutengera Pap kunyumba kwake, kumuveka zovala zatsopano, kudya naye limodzi. Pap analira, nalumbira kuti wasiya, nasayina ndi kachizindikiro papepala. Usiku womwewo anatuluka mozemba, kukasinthanitsa jekete latsopanolo ndi mowa, ataledzera n'kugwa kuchokera padenga la khonde mpaka kuthyoka mkono. Pasanapite nthawi anamugwira Huck n'kukamutsekera m'kanyumba ka m'nkhalango kutsidya kwa mtsinje. Tsiku lina mowa utamuzunguza mutu anayamba kuona njoka, kenako kuthamangitsa mwana wake ndi mpeni. Huck anapulumuka pothawa, atawaza magazi a nkhumba m'nyumbamo kuti anthu aziyesa waphedwa.

Ankhoswe anu ndi anthu abwino, ngati woweruza uja. Koma akuweruza poona misozi ya m'mawa, pomwe mwana amakumana ndi bambo wa usiku. Kanayi konse kakwana. Misozi ya amuna anu mwina ndi yochokera pansi pa mtima, sindikukana, koma uchidakwa ndi matenda, ndipo matenda sachoka ndi kulumbira.

Tsopano funso lanu. Ndi zoona kuti ana a zidakwa amakhala pachiopsezo chachikulu chodzamwa mopitirira muyeso kusiyana ndi anzawo. Mbali ina ndi ya chibadwa, mbali ina ndi zimene amaona akukula. Koma chiopsezo si chigamulo, ndipo ambiri mwa ana otere sakhala zidakwa. Apongozi muwapemphe mwaulemu kuti mawu amenewo asamawanene mwanayo akumva, chifukwa mwana akauzidwa kawirikawiri kuti ndi wotayika amayamba kukhulupirira.

Huck nayenso ankadziyesa woipa. Ankanama mosaphethira, monga achitira mwana aliyense amene anaphunzira kuti choonadi chimabweretsa chikoti. Chinamusintha si ulaliki ayi, koma munthu mmodzi, Jim, kapolo wothawa yemwe anayenda naye pamtsinje. Usiku ankalondera mosinthana, koma nthawi zambiri Jim sankamudzutsa, ankamulonderera kuti mwanayo agone. Tsiku lina atasochererana mu chifunga, Huck anamunamiza Jim kuti zonsezo analota. Jim atazindikira sanamumenye. Anangomuuza mmene mtima wake unaswekera poganiza kuti wamira, n'kumusiya. Huck anakhala mphindi 15 akulimbana ndi mtima wake, kenako anapita kukapepesa, chinthu chomwe mwana wa mzungu nthawi imeneyo sankaphunzitsidwa kuchita kwa munthu wakuda. Tsiku linanso anamva Jim akufotokoza modzimvera chisoni mmene anamenyera mwana wake wamkazi wa zaka 4 chifukwa chosamvera, osadziwa kuti matenda anamugonthetsa makutu. Tangoganizani, mayi: mnyamata wokula ndi chikoti akuona koyamba bambo wosweka mtima chifukwa cha mbama imodzi. Mpake kuti pambuyo pake, atalemba kalata yoti amupereke Jim kwa mwini wake, anaing'amba, ngakhale ankakhulupirira kuti potero akapsa kumoto.

N'chifukwa chake ndaima kuseri kwa bafa. Mbama ija anaiphunzira kwa abambo ake, koma kulira kuja ndi mandasi aja ndi zake. Chikumbumtima chake chili moyo. Mumuuze, muli awiri, kuti kumenya mlongo wake n'kulakwa ndipo simudzakulekerera, komanso kuti munaona mandasi aja. Zonse ziwiri azimve kuchokera pakamwa panu. Kamtsikanakonso mukhale nako pansi, kamve kuti sikanalakwe.

Koma mtima wabwino sukula mwana akugona m'khitchini mwa eni. Kwathu kuno mwini mbumba ndi atsibweni. Pitani kwa alongo anu, muwauze zonse osabisa, ndipo ngati ndi munthu wodziletsa, mnyamatayu akakhale kumeneko kaye, sukulu osadukiza. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Chomwe akusowa ndi mwamuna wamkulu woti azimuona akukwiya koma osamenya, akulakwa n'kupepesa. Akhoza kukhalanso mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo. Mumufotokozere bwino kuti sakupirikitsidwa, chifukwa ana otere amafulumira kuganiza kuti vuto ndi iwo.

Lamulo lilinso kumbali yanu. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 komanso loteteza ana la 2010. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, kwa DC kuli a zosamalira anthu, ndipo khoti la majisitireti lingathe kupereka chiletso choti munthu asachitenso nkhanza pakhomo. Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana, ndi yaulere, ndipo mwanayo ailoweze pamtima. Akavulazidwa mupite naye kuchipatala, zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Kutero si kugulitsa mwamuna wanu.

Abambowo ngati akufunadi kusiya, aonetse ndi miyendo: apite kuchipatala. A St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza anthu ofuna kusiya mowa. Munthu womwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kukomoka kapena kuona zinthu zomwe palibe, choncho ndi bwino azisiya achipatala akumuyang'anira. Zimenezi mukambirane nawo masana asanamwe, pali ankhoswe ndi alongo anu, osati muli nokha.

Pali mawu awiri m'kalata yanu amene andipweteka kuposa onse: "Ine ndinazolowera." Simunafotokoze chomwe munazolowera, koma ndikuchidziwa. Mukapita ku Victim Support Unit mukanene za inunso, ndi za ana awiri otsalawo, chifukwa mkulu wawo akachoka mkwiyo udzafuna pena pogwera. Ndipo makope atsopano mumugulire sabata ino, azisungira kwa aphunzitsi ake kufikira atasamuka.

Azakhali