Mafinya aja ndi asilikali amene afera pa nkhondo

Mayi wina wandilembera pa imelo. Mwana wawo wa zaka zitatu sakhalitsa osadwala chimfine, thupi limatentha, ndipo apongozi awo akuti chitetezo chake n'chochepa. Akufunsa ngati amugulire mankhwala okweza chitetezo.

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo tulo sindinatione msanga, chifukwa mawu omwewo ndinauzidwapo inenso.

Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka zinayi anaponda minga kuseri kwa nyumba. Tinazula, koma kansonga kanatsalira. Kutacha phazi linali litatupa, pozungulira bala pofiira, ukagwira pakutentha ngati mbatata yongophula kumene. Tsiku lachitatu mafinya. Mnansi wanga anangoyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amake mwana, ameneyu chitetezo chake munachiyezetsa?" Mukudziwa nokha chimene funso limenelo limatanthauza kwathu kuno. Chibwerereni HIV, liwu loti chitetezo timalitchula monong'ona. Ndinakalirira kubafa kuti ana asandione. Kenako ndinatenga ndalama ya ufa n'kukagula botolo la madzi obiriwira kwa munthu wina pa depoti, amene analumbira kuti limakweza chitetezo m'masiku atatu. Mwana atamwa anasanza.

Amene anandimasula mtima ndi namwino wina. Anatsuka bala, anatulutsa kansonga kaja, anafunsa ngati mwana analandira katemera wa kafumbata. Akupukuta mafinya anandiuza kuti amenewo ndi asilikali a m'thupi amene afa akumenya nkhondo, ndipo munthu amene asilikali otere amuthera sapanga n'komwe mafinya ambiri. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za nkhaniyi ngati munthu wa ludzu.

Thupi lili ndi chitetezo cha mitundu iwiri. China chimaphunzira, chimakumbukira mdani amene chinakumana naye, ndipo n'chimene katemera amaphunzitsa. Koma chimenecho chikakumana ndi kachilombo kachilendo chimatenga pafupifupi sabata kuti chikonzeke. Nanga masiku onsewo amagwira nkhondo ndani? Ndi chitetezo chobadwa nacho, chimene sichidikira kuphunzitsidwa.

Chimayambira pa khungu, mpanda weniweni. M'mphuno ndi m'njira ya mpweya muli mamina amene amakola tizilombo ngati ulimbo, ndi timaubweya tosaoneka ndi maso timene timasesera zonsezo kukhosi. Zimene tameza zimakapsa ndi asidi wa m'mimba. M'misozi ndi m'malovu muli lysozyme, amene amaswa khungu la mabakiteriya ena. Wasayansi Alexander Fleming, amene anatulukira mankhwala a penicillin, analengeza za lysozyme mu 1922, ataunika mamina ake omwe pamene ankadwala chimfine. Mamina amene timakalipira ana aja ndi chida.

Minga ikaboola mpanda, pansi pa khungu pamakhala kale alonda otchedwa macrophage. Iwo safunika kudziwa dzina la kachilombo. Amangozindikira zizindikiro zimene tizilombo tambiri tili nazo koma thupi la munthu lilibe, n'kumeza mdaniyo, n'kukuwa. Mkuwo wake ndi timankhwala timene timatanula mitsempha ya magazi pamalopo. N'chifukwa chake pamafiira, pamatentha, pamatupa. Pakangopita maola ochepa pamakhamukira ma neutrophil, amene kwa munthu wamkulu amaposa theka la maselo oyera onse a m'magazi. Amadya tizilombo, amafera pomwepo, ndipo mitembo yawo ndiyo mbali yaikulu ya mafinya.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti ntchito ya maselo odya tizilombowa inadziwika chifukwa cha minganso. Mu 1882, ku Messina m'dziko la Italy, wasayansi Élie Metchnikoff anabaya ndi minga kamwana ka starfish, kanyama ka m'nyanja kamene thupi lake limaonekera mkati. Kutacha anapeza maselo ataunjikana kuzungulira mingayo. Analandira mphoto ya Nobel mu 1908. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira phazi la mwana wanga, ndipo ndinakhala chete nthawi yaitali.

Kutentha thupi nakonso n'chimodzimodzi. Mkuwo uja ukafika ku ubongo, thupi limadzikweza lokha kuchoka pa madigiri 37 kufika 38 kapena 39, chifukwa tizilombo tambiri sitiswana bwino potentha pamene asilikali amachita changu. Ndipo mwana wamng'ono kudwala chimfine ka 6 mpaka ka 8 pa chaka si zachilendo, makamaka ngati amapita ku mkombaphala. Mavairasi a chimfine alipo mitundu yoposa 200, mwana wanu akukumana nawo koyamba, umodzi umodzi.

Ndiye ndinene mosabisa. Anthu ogulitsa mabotolo aja akudyera pa mantha a amayi, ndipo sindidzasiya kukwiya nazo. Amadziwa kuti liwu loti chitetezo limatinjenjemeretsa. Palibe botolo la pa depoti limene lingaonjezere mwana asilikali. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zinthu zenizeni zofooketsa chitetezo tili nazo m'nyumba ndipo palibe amazinong'ona. Mwana ali kumbuyo, mayi akuphika m'khitchini yopanda zenera, utsi wa nkhuni uli tolotolo. Utsi umenewo umalemetsa timaubweya tosesa tija, ndipo chibayo chimapeza njira. Phala la mgaiwa lopanda kanthu tsiku ndi tsiku. Ndipo pena mpaka lero mayi wongochira kumene amauzidwa kuti afinyire pansi mkaka woyamba wachikasu uja ati ndi woipa, chonsecho ndi umene wadzaza ndi zoteteza khanda. Zimenezi ndinazionera pa mlamu wanga, ndipo mpaka pano ndimadandaula kuti sindinalankhule.

Tsono muchite chiyani?

Botolo musagule. Koma musamvenso ngati ndikuti kutentha thupi n'kongokuyang'ana. Kumangokuuzani kuti nkhondo yayamba, sikunena kuti mdani ndani, ndipo kuno mdaniyo akhoza kukhala malungo. Mwana akatentha thupi kamuyezetseni tsiku lomwelo. Akamapuma mothamanga, akakomoka, akalefuka, akamakana kumwa kapena kusanza chilichonse, nyamukani ngakhale usiku. Ngati sikelo ikutsika, chibayo chikubwerezabwereza, kapena m'kamwa mukutuluka zoyera kawirikawiri, pemphani kuti amuyeze HIV ndi TB, mosachita manyazi.

Ngati akukula bwino ndipo chimfine chikatha amathamanga ngati kale, onetsani apongozi anu buku la kusikelo. Onetsetsani kuti katemera ndi vitamini A sakuphonya. Ndalama ya botoloyo gulani mazira, usipa ndi nsinjiro zothira m'phala.