Katochi ka pa makiyi: kasankheni bwanji, nanga kukapulogalamu n'kwaphindu?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amakonza zamagetsi za galimoto ku Lilongwe. Akuti atopa ndi kuunikira ndi foni akamafufuza fyuzi pansi pa chiwongolero, ndipo magetsi akazima kunyumba, chaji ya foni imathera pa kuunikira basi. Mlamu wawo ali ku Johannesburg ndipo wavomera kuwagulira katochi komangirira ku makiyi. Funso lawo ndi ili: "Ndigule kati? Ndaona kena kakang'ono kwambiri koma alemba ma lumen 1000. Ndamvanso kuti matochi ena mumatha kuwapulogalamu. Kodi zimenezi zili ndi ntchito, kapena n'zongosangalatsa maso?"

Achimwene, zikomo polemba. Nambala yaikulu ya ma lumen ya pa bokosi ija, imene imanena kuchuluka kwa kuwala kumene tochi imatulutsa, muiike kaye pambali, chifukwa si imene muzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Makampani odalirika amayeza matochi potsata muyezo wa ku America wotchedwa ANSI FL1, umene unatuluka mu 2009. Muyezowu umati kuwala ayambe kukuyeza tochi itayaka masekondi 30, ndipo nthawi imene batire imakhala aiwerenge mpaka kuwala kutatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a kuwala koyamba kuja. Ndiye bokosi likanena ma lumen 1000 ndi ola limodzi, silikunama, komanso silikulonjeza kuti ola lonselo mukhala ndi 1000. Katochi kakang'ono kalibe chitsulo chokwanira kumwaza kutentha. Kakayaka mwamphamvu kamatentha m'manja, ndipo pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri kamatsitsa kokha kuwala kuti kasapse. Zopanda dzina zogulitsidwa m'mbali mwa msewu zija ndiye sizitsata muyezo uliwonse. Diso nalonso lili ndi kawerengedwe kake: kuti muone ngati kuwala kwawirikiza kawiri, ma lumen ayenera kuchuluka pafupifupi kanayi. Kusiyana kwa 300 ndi 400 simungakuzindikire n'komwe.

Chimene ine ndimayang'ana poyamba ndi kuwala kotsikitsitsa. Taganizani mwagona chagada pampando wa dalaivala, mutu uli pansi pa chiwongolero, bokosi la mafyuzi lili pafupi ndi mphuno. Mukayatsa ma lumen 300 pamenepo, kuwala kumagunda pulasitiki yoyera ya mapulagi n'kubwerera m'maso mwanu, ndipo manambala aang'ono olembedwa pamsana pa fyuzi, 10, 15, 20, amasowa m'kung'anima. Ma lumen 20 kapena 30 amakwana bwinobwino. Usiku m'nyumba, pofuna machesi kapena popita kuchimbudzi ana ali mtulo, lumen imodzi ndi yambiri kale. Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, koma tochi imene imayamba ndi kuwala kwamphamvu imafafaniza zonsezo nthawi yomweyo. Choncho tochi imene imayamba ndi kuwala kochepa, kenako n'kumakwera mukafuna, imaposa yamphamvu imene ilibe potsikira. Ndipo kuwala kochepako n'kumene kumasunga batire usiku wonse.

Chachiwiri chikukhudza ntchito yanu mwachindunji. Inu mumadya chifukwa chosiyanitsa waya wofiira ndi wabulawuni, wobiriwira ndi wotuwa, nthawi zambiri atadetsedwa ndi fumbi ndi oilo. Matochi otchipa amatulutsa kuwala koyera kopita ku buluu, cha m'ma 6500K (K ndi muyezo wa mtundu wa kuwala: nambala ikamakwera, kuwala kumapita ku buluu), ndipo pansi pa kuwala kotero zofiira zimaoneka zozilala. Fufuzani mawu akuti CRI, muyezo wa mmene kuwala kumaonetsera mitundu ya zinthu, umene umathera pa 100. Matochi wamba amakhala cha m'ma 70. Inu funani 90 kupita m'mwamba, ndi kuwala kwa pakati pa 4000K ndi 5000K. Mukaona dzina la Nichia, kampani ya ku Japan, ndi manambala 219 kapena 519A, mwapeza babu wa mtundu umenewu. Ma lumen ake amachepako pang'ono poyerekeza ndi abuluu aja, koma kwa munthu wogwira mawaya kusinthana kumeneku n'kopindulitsa.

Tsopano za batire, pamene anthu ambiri amapunthwa. Pali timatochi ta batire yomangidwira mkati, totchaja ndi chingwe cha USB, monga Nitecore Tube kapena Olight i1R 2 EOS. N'topepuka zedi, pa makiyi simutimva n'komwe, ndipo Tube imatsika mpaka pa lumen imodzi. Vuto lake n'lakuti chaji ikatha magetsi kulibe, mwatsala mumdima, komanso batire ikakalamba patapita zaka, kusintha n'kovuta. Kwa ife amene magetsi amatizimira maola ambiri, mtima wanga umakhala pa tochi yodya batire imodzi ya AAA, chifukwa AAA mumaipeza pa okala iliyonse. Fenix E01 V2.0 ndi chitsanzo chabwino: mumaiyatsa popotokola mutu, ili ndi ma lumen 5, 25 ndi 100, ndipo singayake yokha m'thumba mukaimasula mokwanira. Lumintop Tool AAA ili ndi batani kumbuyo ndipo inatulukanso ya babu wa Nichia. Olight i3E EOS ndi yolimba komanso yaing'ono, koma ili ndi kuwala kumodzi kokha, ma lumen 90, ndiye kwa ntchito yanu sindingaisankhe. Ngati mukufuna manja onse awiri akhale omasuka, Olight i3T EOS ili ndi chokolera chimene chimagwira pa mlomo wa kepu, ngakhale kuti imeneyo ndi ya m'thumba la malaya, si ya pa makiyi kwenikweni.

Mabatire wamba a alkaline akakhalitsa m'tochi amatha kutuluka madzi oyera aja amene amadya sipuling'i ndi kuuma ngati mchere. Pemphani mlamu akugulireni ma AAA otchaja a NiMH, monga Eneloop a Panasonic, pamodzi ndi chaja yake. Satuluka madzi chisawawa, ndipo amasunga chaji miyezi yambiri ali chikhalire. A pa okala akhale opulumukirapo basi. Chenjezo limodzi lalikulu: pali batire ya lithiamu yotchedwa 10440 yofanana kukula ndi AAA, ndi 14500 yofanana ndi AA. Zimenezi zimatulutsa mavoti 4.2 zikadzaza, pamene AAA wamba imatulutsa 1.5. Mukaika 10440 m'tochi imene sinapangidwire batire yotero, mwaiotcha. Ndipo batire ya lithiamu musaiponye m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobiri popanda kabokosi. Inu mukudziwa bwino kuposa ine zimene shoti imachita. Timatochi ta mabatire obulungira ngati batani la malaya ndingokutchulirani kuti pakhomo pa ana aang'ono n'toopsa, chifukwa mwana akameza batire yotero imaotcha kummero m'maola ochepa.

Nanga zopulogalamu? Matochi onse ndatchulawa sapulogalamidwa, ndipo kwa anthu ambiri palibe chimene ataya. Amene mwamva aja nthawi zambiri amayendera pulogalamu yaulere yotchedwa Anduril, yolembedwa ndi katswiri wodziwika ndi dzina lakuti ToyKeeper. Aang'ono kwambiri a gulu limeneli ndi monga Wurkkos TS10 ndi Lumintop FWAA, onse odya batire ya 14500. TS10 ndi yotalika pafupifupi masentimita 6, mababu ake ndi a CRI yapamwamba, koma silandira AA wamba, ndipo imafuna chaja yapadera. Ndinganene mosabisa kuti pa makiyi a galimoto ndi yolemera, ndipo mtolo wolemera wa makiyi umatopetsa swichi ya galimoto. Malo ake ndi m'thumba. Komabe ngati mwaikonda, phindu lake ndi lenileni: mumaiuza nokha poyambira kuwala, polekezera, ndi mmene izidzitsekera. Palibe kompyuta kapena chingwe chofunika. Zonse zimachitika ndi batani limodzi lomwelo.

Malangizo ake amalembedwa ndi nambala ndi chilembo. C akutanthauza kudina n'kusiya, H akutanthauza kuti kudina komaliza mugwiritse osachotsa chala. Ndiye 4C ndi kudina kanayi mofulumira, 7H ndi kudina kasanu n'kamodzi kenako kachisanu n'chiwiri n'kugwiritsa. Tsiku ndi tsiku mumangofuna zochepa: 1C kuyatsa ndi kuzimitsa, 1H tochi ili yozima kuti iyambe ndi kuwala kotsikitsitsa, kugwiritsa batani ili yoyaka kuti kuwala kukwere, ndi 2C kuti ilumphire pamwamba.

Anduril 2 imabwera ili m'dongosolo losavuta limene limabisa zambiri. Kuti musinthe zinthu, chitani 10H ili yozima. Pamenepo mwalowa m'dongosolo lonse. Kenako yatsani, chitani 7H ndipo musachotse chala. Tochi iphethira kamodzi, kenako kachiwiri, kenako kachitatu. Kuphethira kulikonse ndi khomo la chinthu china. Mukachotsa chala pambuyo pa kuphethira koyamba, mukusankha kuwala kotsikitsitsa. Tochi iyamba kunjenjemera kuwala, kusonyeza kuti ikudikira nambala. Masitepe a kuwala alipo 150, ndipo kudina kamodzi ndi sitepe yoyamba, katatu ndi yachitatu. Mukasiya kudina kwa kanthawi, imasunga yokha. Izi muyesere usiku m'chipinda chamdima, osati masana m'galaja, chifukwa masitepe oyambirira masana saoneka ndipo mungaganize kuti tochi yafa. Chitaninso 7H, koma tsopano chotsani chala pambuyo pa kuphethira kwachiwiri: uku ndi kusankha polekezera. Apa kuwerenga kumayambira pamwamba kutsika. Kudina kamodzi ndi 150, kudina ka 31 ndi 120. Ine ndimakonda kutsitsa polekezera chonchi, chifukwa masitepe apamwamba aja amangotenthetsa tochi ndi kumaliza batire, pamene diso silipindula kwenikweni.

Pambuyo pa poyambira ndi polekezera, pali chinthu chachitatu, chimene ndikuganiza kuti muchikonda kwambiri. Tochi ikangobwera imakumbukira kuwala kumene munazimitsira. Ngati madzulo munaunikira galu kuseri kwa mpanda ndi kuwala kwamphamvu, pakati pa usiku ikuyakirani ndi mphamvu yomweyo. Kuti izi zithe, ikani kuwala pamene pamakukwanirani pa ntchito ya mafyuzi, kenako chitani 10C ili yoyaka. Kuyambira pamenepo 1C izikupatsani kuwala komweko nthawi zonse.

Chachinayi ndi loko, ndipo ichi si chosankha ayi. Tochi yamphamvu ikadinika m'thumba imatha kuboola nsalu ya buluku kapena kukutenthani ntchafu. 4C imaitseka. Ili yotsekedwa, mukagwiritsa batani imapereka kuwala kochepa kongokwanira kupeza bowo la kiyi pachitseko, n'kuzima mukachotsa chala. 3C imatsegula. Poti munthu amaiwala, iuzeni izidzitseka yokha: ili yotsekedwa chitani 10H, chotsani chala pambuyo pa kuphethira koyamba, kenako dinani chiwerengero cha mphindi, mwachitsanzo kasanu kuti izidzitseka ikakhala mphindi zisanu osagwidwa.

Batire mumaifunsa ndi 3C tochi ili yozima. Imayankha ndi kuphethira: kanayi, kupuma, kenako kamodzi, ndiye kuti mavoti 4.1, yadzaza ndithu. Katatu, kupuma, kenako kanayi, ndi 3.4, nthawi yotchaja yayandikira. Musaizolowetse kutsika kufika pa 3.0. Timagetsi tating'ono tamitundu timene pa matochi ena monga TS10 timayaka kumutu tochi ili yozima timathandiza kuipeza mumdima, koma tikakhala powala kwambiri timamwa batire mwakachetechete. 7C ili yozima imasintha pakati pa kuzima, kuwala pang'ono, kuwala kwambiri ndi kuphethira. Tisiyeni pa kuwala pang'ono kapena muzimitsiretu.

Za kutentha ndingonena mwachidule. Anduril imayamba kutsitsa kuwala tochi ikafika madigiri 45. Mu Okutobala, m'galimoto yokhala padzuwa kapena kumadera otentha ngati Chikwawa ndi Nsanje, tochi imayamba ntchito ili kale pafupi ndi malire amenewo, ndiye imatsika msanga. Sikuti yawonongeka. Malirewo amasinthika, koma ine sindingawakweze pa katochi kakang'ono kamene kamakhala m'dzanja.

Zina zonse, monga kuwala kotsanzira kandulo, mphezi, kapena kuphethira kwa okwera njinga, zilipo pa 3H, ndipo mutha kuseweretsa tsiku lina. Samalani ndi 5C ili yozima: imaika tochi poti iziyaka pokhapokha mwagwiritsa batani, ndipo kudina kulikonse sikungaitulutsemo. Ambiri amaganiza kuti yafa. Mankhwala ake ndi kumasula tochi kuti batire ileke kugunda, n'kumanganso. Mukasokonezeka mpaka osadziwa pamene muli, chitani 13H ili yozima ndipo gwiritsani mpaka itang'anima mwamphamvu. Zonse zibwerera mmene zinalili pochoka ku fakitale, ndipo muyambiranso pa 10H. Mukamaliza kukonza zonse, kapena mukafuna kubwereka mwana wa ntchito ku galaja, chitani 10C ili yozima kuti ibwerere m'dongosolo losavuta lija, kuti chala chodina mwachisawawa chisasokoneze zimene mwaika.