Mazda RX-8 ya 2005 yotsika mtengo: igulidwe kapena isiyidwe?

Wowerenga wina wa ku Lilongwe watilembera pa imelo motere: "Ndapeza Mazda RX-8 ya 2005 ya magiya 6, yayenda makilomita 96,000. Mwini wake akuti ilibe vuto, COF ndi yatsopano, ndipo mtengo ukuchepera wa Vitz. Ndikufuna ndizipitira ku ntchito komanso kumudzi ku Dedza. Kodi ndi yodalirika?"

Achimwene, musapereke ngakhale tambala musanayezetse kompuresheni ya injini ili yotentha. Pa galimoto imeneyi nkhani yonse yagona pamenepo. COF imatsimikiza kuti mabuleki akugwira, magetsi akuyaka, matayala ndi chiwongolero zili bwino. Sinena chilichonse za masiku amene injini yatsala nawo, ndipo RX-8 ikatsika mtengo chonchi, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala pansi pa boneti.

Mazda idapanga RX-8 kuyambira 2003 mpaka 2012. Injini yake, Renesis 13B, ilibe mapisitoni. M'kati mwake muli ma rotor awiri a ngodya zitatu amene amazungulira m'chibowo chokhala ngati khoko la mtedza wa njere ziwiri. Pa nsonga iliyonse ya rotor pali kachitsulo kopyapyala kotchedwa apex seal, kamene kamakhuza khoma n'kutsekera mpweya kuti usathawe. Tizitsulo timeneti, pamodzi ndi ma seal a m'mbali, tikadyeka kapena kumatirira ndi mwaye, kompuresheni imatsika. Izi sizikonzedwa ndi sipanala injini ili m'malo mwake. Imatsitsidwa n'kuphwasulidwa yonse, ndipo amakaniko amene adatsegulapo injini ya mtunduwu kuno ndi owerengeka.

Kayezedwe kake nkosiyananso. Geji wamba wa m'magalaja amangoonetsa nambala yaikulu imodzi, choncho amabisa mbali imene yafooka. Pamafunika choyezera cha ma rotary chimene chimatulutsa manambala 6, atatu pa rotor iliyonse, komanso liwiro limene sitata ikuzunguzira injini. Malinga ndi Mazda, pa 250 rpm (kuzungulira ka 250 pa mphindi) injini yabwino imakhala pa 8.5 kgf/cm², ndipo yochepetsetsa yovomerezeka ndi 6.9. Mbali zitatu za rotor imodzi zisasiyane kuposa 1.5, ndipo ma rotor awiriwo asasiyane kuposa 1.0. Kumbukiraninso kuti Lilongwe ili pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, kotero manambala amatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Woyeza ayenera kuwerengera zimenezo, apo ayi mukana injini yabwino.

Choyezeracho chikasowa, pali njira ina yosatsimikiza kwenikweni koma yothandiza. Uzani wogulitsa kuti asailize inu musanafike, ndipo mukafika gwirani ekizozi kuti mudziwe ngati ndi yozizira. Lizani, mvetserani, kenako yendani mphindi 20 kapena 30 mpaka itenthe bwinobwino. Imani, zimitsani, dikirani mphindi zisanu, lizaninso. Injini yamoyo imalira m'masekondi awiri kapena atatu. Ikamakoka nthawi yaitali ili yotentha pomwe yozizira idalira msanga, ndiye kuti kompuresheni yapita. Chenjerani ndi wogulitsa amene akuti "tisaizimitse, batire ndi yofooka." Chenjeraninso ndi sitata yatsopano. Za zaka zoyambirira zidabwera ndi sitata yofooka, ndipo kuikamo yamphamvu ya 2 kW nkoyenera, koma sitata yothamanga imathanso kubisa injini yotopa.

Chimene chimapha injini zambiri za RX-8 ndi kanthu kotchipa: makoyilo, amene amapereka moto ku mapulagi. Alipo anayi, ndi mapulagi anayi, awiri pa rotor iliyonse. Mapulagiwo si ofanana: a m'munsi ndi NGK RE7C-L, a m'mwamba ndi RE9B-T, ndipo osawasinthanitsa. Makoyilo amayamba kufooka akayenda makilomita pafupifupi 50,000. Moto ukachepa, petulo sapsa yense. Wina amatsuka oyilo pa khoma la injini, wina amakapsera mu catalytic converter (chosefera utsi cha mu ekizozi) mpaka kuisungunula. Ikatsekeka, kutentha kumabwerera m'injini n'kumaliza ma seal. Choncho funsani kuti makoyilo, mapulagi ndi mawaya ake zidasinthidwa liti. Mwini wake akayamba kukanda m'mutu, mwadziwa kale mmene galimotoyo yasamaliridwira. Poyesa pa msewu, injini itatentha, kokani giya yachiwiri mpaka singano idutse 8,000 rpm. Ya manyuwalo ya magiya 6 imafika 9,000. Iyenera kukwera mosalala. Ikamatsamwa cha m'ma 6,000, kapena nyali ya injini ikamaphethira, moto kapena catalytic converter zili ndi vuto.

Za oyilo anthu amasokonezeka. RX-8 imadya oyilo mwadala: pali kapampu kamene kamadontheza oyilo m'kati mwa injini kuti ma seal asakhuze khoma louma. Kuthira lita imodzi pa makilomita 2,000 kapena 3,000 si vuto ayi. Wogulitsa akadzitama kuti "iyi sidya oyilo ngakhale pang'ono," pamenepo mpamene muyenera kuda nkhawa. Muziyang'ana oyilo mukamwetsa mafuta kawiri, muzisintha pa makilomita 5,000, ndipo botolo lizikhala m'buti nthawi zonse. Za 2009 kupita m'tsogolo zili ndi timabowo titatu tothira oyilo pa rotor iliyonse m'malo mwa tiwiri, n'chifukwa chake zimakhalitsa kuposa ya 2005 imene mwaonayo.

Galimotoyi ili ndi khalidwe linanso lovuta. Mukailiza ili yozizira, n'kuituluka pageti, n'kuizimitsa nthawi yomweyo, mapulagi amanyowa ndi petulo ndipo imakana kulira. Zikatero pondani mafuta mpaka pansi, kompyuta imadula petulo, ndiye zunguzani sitata masekondi osaposa 10, pumulani, bwerezani. Maulendo aafupi a mumzere wa magalimoto wa m'mawa amaiunjikira mwaye, choncho imafuna kukokedwa mpaka pamwamba nthawi ndi nthawi.

Kutentha kopitirira kamodzi kokha nkokwanira kuwononga ma seal a madzi. Injini ili yozizira, tsegulani kathanki ka madzi, lizani, muone ngati mukutuluka thovu. Utsi woyera wonunkhira motsekemera umene sukutha ndi chizindikiro chomwecho. Yang'ananinso pansi pa kathankiko: paipi yotaya madzi imadonthezera pa mawaya a chiwongolero cha magetsi, ndipo akachita dzimbiri chiwongolero chimauma mwadzidzidzi.

Tibwere ku Dedza. Pa M1 simudandaula, galimotoyi imagwira msewu bwino kwambiri. Vuto limayamba mukapatuka kulowa wafumbi. Mimba yake ili pansi, mpata wake sufika masentimita 14, ndipo zoziziritsira oyilo zili m'makona a bampala ya kutsogolo, pomwe mwala kapena hampu imayambira kugunda. Ikwezeni pa lifiti, muone ngati mapaipi a oyilo sakunyowa kapena kuchita dzimbiri, mugwedeze matayala kuti mumve mabolojointi ndi mabushi. Matayala a Type S, dzina la RX-8 ya manyuwalo ya magiya 6 ku Japan, ndi 225/45 R18, opyapyala m'mbali, ndipo dzenje limodzi la m'nyengo ya mvula likhoza kupinda limu. RX-8 idatuluka ku fakitale yopanda tayala la sipeya, m'buti mudangoikidwa botolo lomatira ndi kapampu. Pa ya manyuwalo, suzumirani pansi pa dashibodi muone chitsulo chogwira pedulo ya kilatchi, chimakonda kung'aluka.

Pepala likamati 1,308 cc, musaganize za mafuta a Vitz. M'tauni yembekezerani makilomita 6 kapena 7 pa lita, pa ulendo wautali mwina 9. Thanki ndi ya malita pafupifupi 60. Werengani nokha nthawi imene muzitaya pa mizere ya mafuta akasowa.

Za mapepala, nambala ya chasisi ya zochokera ku Japan imayamba ndi SE3P, ndipo ifanane ndi ya pa blue book. Ngati mwini wake adasunga export certificate, imaonetsa makilomita amene galimoto inali nawo poyezedwa komaliza ku Japan. Yerekezani ndi 96,000 akunenayo. Pa pepala la okushoni, chilembo R kapena RA chimatanthauza kuti idachitapo ngozi n'kukonzedwa. RX-8 idali m'gulu la magalimoto amene adaitanidwa kuti akakonzedwe chifukwa cha vuto la ma airbag a kampani ya Takata, ndiye fufuzani ndi nambala ya chasisi ngati adasinthidwa.

Maganizo athu ndi akuti ngati iyi ikhale galimoto yanu yokhayo, ya ku ntchito ndi ya kumudzi, isiyeni. Ngati muli ndi ina, kompuresheni yadutsa 7.5 mbali zonse, mwapeza makaniko woidziwa, ndipo mwasunga padera ndalama zogulira injini ina, igulani, musinthe makoyilo ndi mapulagi sabata yoyamba. Mukafuna ya masewero yokoka ndi matayala akumbuyo imene makaniko wa ku Biwi angaitsegule osachita mantha, yang'anani Toyota Altezza RS200 ya injini ya 3S-GE, kapena Toyota 86 ngati thumba likulola. Pa 86 ya 2012 ndi 2013, funsani ngati masipuling'i a mavavu adasinthidwa pamene kampani idaziitana.